Mankhwala atsopano a shuga alowere pakhomo la chipatala, osati pa WhatsApp

Masabata apitawa nkhani yomwe yatentha m'magulu a pa WhatsApp ndi m'masaluni a ku Limbe ndi ya jakisoni wa Ozempic. Ena akumutamanda kuti waphwetsa mimba zomwe zinakanika ku jimu. Ena akuti ndi poizoni wa azungu amene atimalize pang'onopang'ono. Enanso, omwe ndimawalemekeza kwambiri chifukwa amagwira ntchito m'zipatala, akuti tisataye nthawi ndi nkhani ya anthu a ku Namiwawa ndi ku Sunnyside pamene metformin weniweniyo, piritsi lakale la shuga, amatha m'mashelefu. Ine maganizo anga ndi awa: mankhwala atsopano a matenda a shuga ndi ofunika kwa Amalawi, ndipo boma liyambe kuwaika m'zipatala zake, kuyambira ndi mapiritsi oteteza impso ndi mtima. Koma aliyense wowamwa kapena kudzibaya ayambe wadutsa m'manja mwa dokotala. Mmene zilili panopa zinthu zatembenuzika. Odwala amene akuwafunadi sakuwapeza, ndipo ambiri mwa amene akuwapeza sakudziwa chimene akuika m'thupi mwawo.

Ndinene chomwe chandichititsa kulemba. Mayi anga aang'ono a ku Bangwe akhala ndi shuga zaka 12. Kabuku kawo ka kuchipatala kanadzaza, anasokerera kena pamwamba, ndipo tsamba lililonse lili ndi mawu omwewo: metformin, glibenclamide, mubwere mwezi wamawa. Chaka chatha mapazi anayamba kutupa moti nsapato zawo za ku Mvano zinaleka kulowa, ankapita ku mapemphero atavala mapatapata. Atayezedwa mkodzo ndi magazi, dokotala anati impso zayamba kufooka. Analemba dzina pakapepala n'kunena kuti, "Amayi, awa kuno tilibe, mukayese ku famase ngati ana angakwanitse." Dzinalo linali dapagliflozin, ndipo pabanja timasonkherana mwezi ndi mwezi kuti asadukize. Sabata yomweyo, ndikudikira mlongo wanga pasaluni ina, ndinaona mtsikana akutulutsa m'chikwama kajakisoni kooneka ngati bolopeni yonenepa, kopanda bokosi, katatenthedwa ndi dzuwa la Okutobala. Ankauza mnzake kuti kabwera pa basi kuchokera ku Joni, ndipo akangobaya kanayi diresi ya chinkhoswe ilowa. Sanamufunse ngati ali woyembekezera kapena ngati akumwa mankhwala ena. Anangomupatsa nambala yotumizirapo ndalama.

Tisanatsutsane, tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zomwe anthu akuziphatikiza. Gulu loyamba ndi la mapiritsi otchedwa SGLT2, monga dapagliflozin, empagliflozin ndi canagliflozin. Impso zikamasefa magazi, shuga amene wadutsa zimamubwezera m'thupi. Mapiritsiwa amatseka njira yobwezerayo, ndiye shuga amatuluka ndi mkodzo, pafupifupi magalamu 70 patsiku, omwe ndi masipuni a tiyi oposa 10. Gulu lachiwiri ndi la GLP-1, momwe muli semaglutide wa kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark, amene amagulitsidwa ndi dzina la Ozempic kwa odwala shuga ndi Wegovy kwa onenepa kwambiri. Palinso mbale wake tirzepatide wa kampani ya Eli Lilly, wodziwika kuti Mounjaro. Awa amatsanzira timadzi tomwe matumbo amatulutsa munthu akadya. Amauza kapamba kuti atulutse insulini, timadzi totsitsa shuga m'magazi, shuga akakwera, amachedwetsa chakudya m'mimba, ndipo amauza ubongo kuti wakhuta. Ndi chifukwa chake munthu amaonda. Ozempic anavomerezedwa ku America mu 2017, Wegovy mu 2021, Mounjaro mu 2022. Phokoso lonse lili pa majakisoniwa, koma kwa wodwala wa ku Ndirande kapena ku Chilomoni, nkhani yaikulu ili pa timapiritsi tija tomwe palibe akutikamba.

Mtsutso woyamba, womwenso ndi wolemera kuposa yonse, ndi wa ndalama. Anzanga a m'chipatala akuti dziko lomwe limavutika kugula metformin, timapepala toyezera shuga ndi insulini lisalote za mankhwala odula. Akuti kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo ndalama yogulira mankhwala atsopano a anthu ochepa ingagule akale a anthu ambiri. Sindingawanyoze, chifukwa inenso ndinaimapo pamzere kuyambira m'bandakucha n'kuuzidwa pawindo kuti mankhwala atha. Komabe kuwerengera kwawoko kukusiya mbali imodzi. Shuga sapha munthu ndi nambala ya pamakina. Amapha kudzera mu impso, mtima ndi mitsempha. Kafukufuku wa EMPA-REG OUTCOME, amene anatuluka mu 2015 atatsatira odwala oposa 7,000 omwe anali kale ndi matenda a mtima, anapeza kuti empagliflozin anachepetsa imfa za mtima ndi 38 peresenti. Wa DAPA-CKD wa mu 2020, woyesa dapagliflozin pa anthu oposa 4,000 ofooka impso, anaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa phindu linali litaonekeratu. Tsono tiyerekeze ndi kwathu kuno. Kwa zaka zambiri makina osefa magazi m'zipatala za boma ankapezeka ku Queen Elizabeth kuno ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe basi. Munthu amene impso zafa amafunika kulumikizidwa ku makinawo kawiri kapena katatu pa sabata moyo wake wonse, ndipo mipando yake ndi yowerengeka. Piritsi limodzi patsiku lomwe lingachedwetse ulendo umenewo ndi zaka zingapo silingakhale lodula kuposa makina, mayendedwe, ndi ntchito yomwe munthu amaisiya.

Ndiwonjezere mfundo ina yomwe otsutsa saitchula. Impso zikafooka, mankhwala akale aja ndi amene amayamba kuvuta. Metformin amachepetsedwa, ndipo zikafooka kwambiri amasiyidwa. Glibenclamide amakhalitsa m'magazi n'kugwetsa shuga mpaka munthu kukomoka, makamaka okalamba amene adumpha chakudya, ndipo bungwe la WHO linalangiza kale kuti anthu opitirira zaka 60 asamapatsidwe. Choncho kunena kuti tikhutire ndi akale ndi kuuza anthu ngati mayi anga aang'ono kuti pamene matenda afika povuta, dokotala angowayang'ana. Komanso nkhani ya mtengo yasintha. WHO inaika mapiritsi a SGLT2 pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021, ndipo makampani a ku India akupanga dapagliflozin wotsika mtengo. Malawi, monga dziko losauka, sakakamizidwa ndi malamulo a bungwe la zamalonda padziko lonse la WTO kuteteza umwini wa makampani pa mankhwala mpaka 2033. Ngati Central Medical Stores Trust, yomwe imagulira zipatala za boma mankhwala, itagula mapiritsiwa ochuluka nthawi imodzi, mtengo wake sungafanane ndi umene ife timalipira ku famase ya m'tauni. Sindikunena kuti aliyense wa shuga apatsidwe. Ndikunena amene mkodzo wawo waonetsa kuti impso zayamba kudontha, ndi amene mtima wawo wayamba kulephera. Za majakisoni ndivomereza kuti lero boma silingawakwanitse, ngakhale WHO inawaikanso pa mndandanda womwewo mu 2025 kwa odwala shuga onenepa kwambiri amene alinso ndi vuto la mtima kapena impso. Amenewo tidikire mtengo utsike. Koma kudikira jakisoni kusatichedwetse pa piritsi.

Mtsutso wachiwiri ndi wa zovuta zomwe mankhwalawa amabweretsa, ndipo apa ndikufuna ndichedwepo chifukwa ochita mantha sakunama. Mapiritsi a SGLT2 amachititsa kuti mkodzo ukhale wa shuga, ndipo pamalo pofunda, ponyowa, pomwe pali shuga, tizilombo timaswana. Amayi ambiri amavutika ndi kuyabwa kumaliseche, zomwe kwathu timazitcha mauka, ndipo abambo, makamaka osadulidwa, amatupa ndi kuyabwa kunsonga. Nkhaniyi ndi yamanyazi, mayi wachikulire sangaiyambitse yekha pamaso pa dokotala wa msinkhu wa mwana wake, ndiye amangosiya mankhwala mwakachetechete kapena kupita kwa azamba akumudzi. Chonsecho kusamba ndi madzi oyera akataya madzi ndi mankhwala wamba opaka zimathetsa vutoli nthawi zambiri, bola wina amuuze pasadakhale. Kamodzikamodzi pamabuka chilonda choopsa pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi, chomwe chimafuna opaleshoni msanga, ndipo akuluakulu a zamankhwala ku America anachenjeza za ichi mu 2018. Mapiritsiwa amakodzetsanso pafupipafupi, motero mayi wogulitsa tomato padzuwa mumsika wa Limbe, amene amapewa kumwa madzi poopa kulipira chimbudzi, akhoza kuchita chizungulire n'kugwa. Choopsa kwambiri ndi asidi amene amachuluka m'magazi thupi likasowa insulini. Kawirikawiri vutoli limadza shuga atakwera zedi, koma kwa womwa mapiritsiwa likhoza kudza makina akuonetsa nambala yooneka yabwino. Munthu akusanza, m'mimba mukupweteka, akupuma mwabefu, koma achibale akuti shuga ali bwinobwino.

Zimene zimayambitsa ngozi imeneyi ndi zinthu za tsiku ndi tsiku kwathu: malungo, kutsegula m'mimba, kumwa mowa kwambiri, opaleshoni, ndi kusala kudya, kaya pa Ramadan kaya pa masiku a mapemphero a kuphiri. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 mmene anasautsira mzinda uno. Ndiye wina angati, bwanji osangowaleka? Yankho langa ndi lakuti ngozi zonsezi zimadziwika, zili ndi zizindikiro zake, ndipo malangizo ake ndi osavuta kuwasunga. Ukadwala moti sukudya kapena kumwa, imitsa piritsi, pita kuchipatala, ukayambirenso ukachira. Namwino akhoza kufotokoza zimenezi m'mphindi zisanu, m'Chichewa. Insulini amene timamudalira amapha munthu usiku umodzi akabayidwa mopyola muyezo, koma palibe amanena kuti achotsedwe m'chipatala. Timaphunzitsa anthu kumugwiritsa ntchito. Ndipo taonani bwino: lero mapiritsiwa akugulidwa kale m'mafamase ndi amene ali ndi ndalama, ena atangomva kwa mnzawo. Kuwakana m'zipatala za boma sikuchotsa ngozi ija. Kukungochotsapo namwino amene akanachenjeza wodwala.

Majakisoni nawo ali ndi zawo. Ambiri amachita nseru, kusanza, kutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa, makamaka masabata oyamba, ndipo n'chifukwa chake dokotala amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pakatha mwezi. Ena amadwala miyala ya mu ndulu, ochepa amatupa kapamba, ululu wake wolasa mpaka kumsana. Pa makoswe oyeserera anayambitsa zotupa za chithokomiro, kotero amene kubanja kwawo kuli khansa ya mtundu umenewo saloledwa. Kwa amene shuga anawononga kale maso, kutsitsa shuga mofulumira kukhoza kuwonjezera vutolo poyamba, choncho maso ayenera kuyezedwa. Mayi woyembekezera sayenera kubaya, ndipo wofuna kutenga pakati amauzidwa kusiya semaglutide miyezi iwiri asanatero. Mtsikana wa pasaluni uja palibe n'chimodzi chomwe mwa izi chimene anauza mnzake, ndipo ndikukayika ngati iye mwini ankazidziwa.

Mtsutso wachitatu umachokera kwa anthu ophunzira amene amati mankhwalawa anayesedwa pa matupi a azungu, ife sitikudziwa mmene atichitire. Ena amapitirira mpaka kunena kuti akufuna kutiyesera, koma ameneyo ndi mantha chabe, popeza mankhwalawa akumwedwa ndi anthu mamiliyoni ku maiko omwe anawapanga. Mbali yoyambayo ili ndi choonadi chake. Kafukufuku wamkulu uja anachitika makamaka pa anthu onenepa a ku Ulaya, America ndi Asia, ndipo anthu a kuno kum'mwera kwa Sahara analimo ochepa. Pomwe aliyense amene anakhalapo pa benchi la kiliniki ya shuga akudziwa kuti odwala athu ambiri ndi owonda. Ena anakula ndi njala kuyambira ali m'mimba, kapamba wawo sanakhwime bwino, ndipo vuto lawo ndi kuchepa kwa insulini, osati mafuta. Mu 2025 bungwe la International Diabetes Federation linavomereza kuti shuga wobwera chifukwa cha kunyentchera ndi mtundu pawokha. Munthu wotere ukamupatsa jakisoni woondetsa wamulakwira, ndipo ukamupatsa piritsi la SGLT2 popanda insulini wamuika pangozi ya asidi uja. Tisaiwalenso kuti kuno kuonda kuli ndi mbiri yake. Amene tinakula m'zaka zomwe Edzi inkatha anthu tikudziwa mmene anthu amayang'anira munthu amene thalauza layamba kumukhwepa, ndipo wodwala wina adzasiya mankhwala chifukwa cha manong'onong'o a kumpanda. Koma mfundo yonseyi ikutitengera kuti? Ikutiuza kuti pakufunika munthu wodziwa kusankha woyenera ndi wosayenera, ndiponso kuti tilembe tokha zomwe tikuona pa odwala athu. Tili ndi sukulu ya zaumoyo ya KUHeS ndi akatswiri ofufuza pafupi ndi Queen Elizabeth pomwepa. Iwowa sangaphunzire kanthu pa mankhwala omwe akuyenda m'zikwama.

Pali ena amene amati zonsezi n'zosafunika, munthu angochepetsa nsima, asiye zakumwa zotsekemera, aziyenda, amwe nimu kapena chammwamba. Za kadyedwe ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse, ndipo palibe piritsi lomwe lingalowe m'malo mwa mgaiwa wochepa, ndiwo zamasamba zambiri ndi kuyenda wapansi. Koma impso zomwe zayamba kale kudontha sizibwerera ndi mgaiwa wokha. Kwa okonda zitsamba ndingoti mankhwala a kuchipatalawa nawonso anachokera m'chilengedwe. Metformin anachokera ku chitsamba cha ku Ulaya, a SGLT2 anayambira pa khungwa la mtengo wa apozi, ndipo jakisoni woyamba wa GLP-1, wa mu 2005, anatengera malovu a buluzi wa m'chipululu cha ku America. Kusiyana kwake n'kwakuti awa anayezedwa mlingo, pamene botolo la madzi obiriwira la pamsika palibe akudziwa mphamvu yake, ndipo impso yofooka ndiyo imalandira katundu yense.

Mtsutso wotsiriza ukuchokera mbali ina, kwa amene akugula jakisoni kuti aonde. Iwo akuti ndalama ndi zawo, thupi ndi lawo, ndipo kunenepa kwambiri nakonso ndi matenda. Pa mfundo yomalizayi ali ndi zoona, ndipo sindikufuna kuseka munthu amene mawondo akumupweteka, BP yakwera, ndipo wayesa zonse. Pa kafukufuku wa Wegovy anthu anataya pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo m'masabata 68, zomwe si zochepa. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti atasiya kubaya, pakutha pa chaka magawo awiri mwa atatu a zomwe anataya zinabwerera. Choncho amene akugula kajakisoni kamodzi kokonzekera ukwati akugula nseru ya mwezi umodzi basi. Choopsa kuposa apo n'chakuti sadziwa chomwe chili m'kati. Mu 2024 WHO inachenjeza dziko lonse za Ozempic wachinyengo amene anapezeka ku Brazil, ku Britain ndi ku America. Ku Austria, mu 2023, anthu anagonekedwa m'chipatala atabaya majakisoni onama omwe munali insulini, shuga wawo n'kugweratu. Ngati zoterezi zinadutsa m'maiko okhala ndi alonda okhwima a mankhwala, nanga kathumba kodutsa pa Mwanza pansi pa mpando wa basi? Ngakhale atakhala weniweni, jakisoniyu amayenera kukhala mu fuliji asanayambe kugwiritsidwa ntchito, ndipo akayambidwa asapitirire kutentha kwa madigiri 30. Ulendo wa masiku awiri kudutsa ku Tete ndi magetsi athu ozimazimawa sizimupatsa mpata umenewo. Ufulu wa munthu pa thupi lake ndimaulemekeza, koma wogulitsa amene akubisa zonsezi akumulanda ufulu womwewo, pakuti munthu sangasankhe bwino chinthu chomwe sanauzidwe.

N'chifukwa chake pempho langa likupita mbali ziwiri nthawi imodzi. Bungwe la PMRA, lomwe lamulo linalipatsa udindo woyang'anira mankhwala ndi mafamase, lisamangoyendera mashopu okhala ndi zikwangwani. Malonda asamukira pa foni, ndipo manambala a ogulitsa ali poyera pa Facebook. Lifalitsenso m'Chichewa, pa wailesi, mayina a mankhwala a shuga omwe linawavomereza ndi mmene munthu angadziwire achinyengo. Unduna wa Zaumoyo nawo uyambe pang'ono, m'makiliniki a shuga a zipatala zazikulu, kupereka mapiritsi a SGLT2 kwa odwala impso ndi mtima, pamodzi ndi zoyezera mkodzo ndi magazi, popeza popanda kuyeza palibe angadziwe woyenera. Kafukufuku wa boma wa mu 2009 anapeza kale kuti akuluakulu 5.6 pa 100 aliwonse anali ndi shuga, ndipo ambiri mwa amene anali pamzere nthawi imeneyo afika pa zaka zomwe impso zimayamba kulira. A Diabetes Association of Malawi, mipingo ndi mizikiti athandize kufalitsa malangizo a masiku odwala ndi masiku osala kudya, chifukwa kumeneko ndi komwe anthu amamvera.

Mayi anga aang'ono anavutikapo ndi kuyabwa mwezi wachiwiri, ndipo anangotsala pang'ono kutaya mapiritsi m'chimbudzi. Amene anawapulumutsa ndi namwino wina wachikulire amene anawatengera pambali, n'kuwafunsa monong'ona zomwe iwo sakanatha kuyambitsa, n'kuwalembera pachikuto cha kabuku kaja ndi zilembo zazikulu kuti akadwala malungo kapena m'mimba aimitse piritsi abwere msanga. Pa benchi lomwelo pamakhala mayi wina wa ku Machinjiri amene dokotala anamulemberanso kapepala ngati kathu. Mwezi watha anandionetsa, kakadali kopindidwa m'kabuku kake, sikanafikebe ku famase.